Buku la Zaka 900 ndi Zimbale za Zaka 15

M'caka ca 1998, parishi yathu italandira kompyuta yake yoyamba, ndinapatsidwa nchito imene ndinaikonda koposa zonse. Ndinayenda pa njinga m'midzi ndi m'miphakati kukaceza ndi akatekisiti akale ndi amai acikulire a m'mabungwe, kuti andiuze mmene cikristu cinafikira kwao: anayamba kuliza ng'oma ya mapemphero ndani, chalichi ca udzu cinamangidwa pati, ansembe anali kugona kwa yani akabwera pa ulendo. Zonse ndinazilemba m'makope a sukulu. Madzulo ndinali kuzitaipa pa kompyuta ija ndi zala ziwiri, ndi kuzisunga pa timadisiki tisanu takuda, tija tokwana m'thumba la malaya. Nditatsiriza, makope aja ndinawayesa zinyalala. Ena ana anakutira mabuku ao, ena ciswe cinadya, ndipo sindinadandaule, pakuti ndinati zonse ziri m'makina.

Caka catha, pokonzekera cikondwerero ca parishi, Bambo Mfumu anandifunsa za mbiri ija. Timadisiki ndinatipeza, tosungika bwino m'kabokosi ka malata. Koma m'parishi monse, ngakhale kwa anzanga a m'tauni, munalibe kompyuta ndi imodzi yomwe yokhala ndi polowetsa disiki yotere. Akulu-akulu amene ndinaceza nao onse anatsikira kuli cete. Ndipo m'kabati momwemo munali kaundula wa ubatizo, wolembedwa m'Cilatini ndi dzanja la wansembe wa ku Ulaya ine ndisanabadwe, inki itafiira, koma dzina liri lonse lowerengeka.

Pofunsa-funsa cocita, ndinadziwa kuti kunja kuno kuli anthu amene nchito yao ya pamtima ndi kusunga makompyuta akale ndi kuwadzutsa akafa. Ndinadziwanso kuti tsoka langalo linagwerapo bungwe lalikulu kuposa parishi ya kumudzi, ndilo BBC ya ku London. Nkhani imeneyi ndiyo ndifuna kukusimbirani, awerengi okondedwa. Koma tiyambe taona makinawo kumene anacokera.

Makina a m'garaja

Caka ca 1975 cisanafike, kompyuta inali cinthu ca maboma, mabanki, migodi ndi mayunivesite, ndipo munthu wamba sanali kulota zokhala nayo kunyumba. Mu January 1975, magazini ya ku America yochedwa Popular Electronics inaika pa cikuto cake cithunzi ca bokosi lochedwa Altair 8800, lopangidwa ndi kampani yaing'ono ya MITS mu mzinda wa Albuquerque. Mtengo wake unali pafupi-fupi madola 400, ndipo wogula anali kulandira tizidutswa m'phukusi kuti alumikize yekha. Bokosilo linalibe potaipira, linalibenso galasi loonerapo. Kutsogolo kwake kunali timaswichi ndi timagetsi tofiira, basi. Malo ake osungira anali okwana zilembo 256 cabe, ndiko kuti ndime imene mukuwerengayi siikanakwanamo. Komabe anthu zikwi-zikwi anatumiza ndalama kuliitanitsa. Anyamata awiri, Bill Gates ndi Paul Allen, analilembera cinenero ca BASIC, ndipo apo ndi pamene Microsoft inabadwira. Mwini wake wa MITS, Ed Roberts, anagulitsa kampaniyo mu 1977, nakaphunzira za mankhwala, nakhala dokotala wa katauni kena ku Georgia mpaka imfa yake mu 2010. Pa anthu onse a m'nkhani ino, ameneyu ndiye ndikanakonda kumwa naye tiyi.

Mu March 1975 okonda makina otere anayamba kusonkhana m'garaja ina ku Menlo Park, California, nadzicha Homebrew Computer Club. Kumeneko ndiko Steve Wozniak anaonetsa Apple I mu 1976. Caka cotsatira anatuluka makompyuta atatu amene munthu akanatha kugula ali athunthu: Apple II, Commodore PET ndi TRS-80. Pambuyo pake, mu 1982, inabwera Commodore 64, imene inagulidwa koposa mamiliyoni 12.

Ku Britain nkhani inayenda mwa njira yake. Clive Sinclair, munthu wokonda kucepetsa zinthu ndi kuzichipitsa, anatulutsa ZX80 mu 1980 pa mtengo wosafika mapaundi 100, kenaka ZX81 mu 1981, ndi ZX Spectrum, ya mabatani a mphira, mu 1982. Pa nthawi yomweyo BBC inatsimikiza zophunzitsa dziko lonse za makompyuta kudzera pa wailesi ya kanema, ndipo inafuna makina ake-ake oonetsera m'maphunzirowo. Nchito yowapanga inapatsidwa kwa kampani ya Acorn ya ku Cambridge, ndipo BBC Micro inatuluka mu December 1981. Poyamba anayembekezera kugulitsa makina 12,000. Anagulitsa pafupi-fupi miliyoni imodzi ndi theka. Boma linali kulipira theka la mtengo sukulu ikafuna kugula kompyuta, cotero kuti m'zaka zowerengeka masukulu ambiri a m'dzikomo anali nayo.

Kudikira kaseti

Acinyamata a lero afunika kuwafotokozera bwino mmene makina amenewa analiri, cifukwa ndi pamene pagona cikondi ca anthu owasunga. Kompyuta ya kunyumba inali kulumikizidwa ku wailesi ya kanema ya pabalaza, ndipo mwana anali kupempha kaye kwa makolo kuti nyuzi ikatha aigwiritse nchito. Akaiyatsa, siinali kumupatsa coonera ciri conse. Inali kulemba dzina lake pa galasi, ndi kuika kacizindikiro kothwanima, kudikira kuti iye alamule. Mwana wofuna sewero anali ndi njira ziwiri. Yoyamba inali kugula kaseti, yonga yomwe ija tinali kumvera nyimbo za kwaya, ndi kuiika m'wailesi ya kaseti yolumikizidwa ku kompyuta. Kasetiyo inali kulira ngati nyenje kwa mphindi zinai kapena zisanu, ndipo kawiri-kawiri, pafupi ndi mapeto, inali kulephera, mwana nkuyambanso. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Njira yaciwiri inali yochipa koma yowawa. Magazini anali kusindikiza mapulogalamu athunthu, mizere mazana, ndipo mwana anali kuikopera pa makina cilembo ndi cilembo, mwina Loweruka lonse. Akaphonya kampumiro kamodzi, sewero silinali kuyenda. Tsono anali kubwerera kufuna-funa colakwaco, ndipo pofuna-funapo anali kuyamba kumvetsa cimene mzere uli wonse ucita. Akamvetsa, anali kusintha: apa aonjezere miyoyo ya wosewera, apa aike dzina la mlongo wake pa cirombo ca m'sewero. Ife ophunzitsa katekisimu tidziwa kusiyana kwa mwana woloweza yankho ndi mwana amene wafunsa kuti cifukwa ciani, ndipo makina aja, mwa umphawi wao, anali kukakamiza mwana kufunsa. Mu 1984 anyamata awiri a pa yunivesite ya Cambridge, David Braben ndi Ian Bell, anatulutsa sewero la Elite pa BBC Micro, m'mene wosewera anali kuyenda pakati pa maiko a kumwamba oposa 2,000, onsewo ali m'makina osunga zilembo zokwana 32,000 ndi pang'ono. Cithunzi cimodzi ca pa foni yanu ndi cacikulu kuposa pamenepo kambirimbiri.

Kalembera wa mfumu William

Tsono tibwerere m'mbuyo zaka mazana asanu ndi anai, pakuti nkhani ya BBC siimveka popanda buku lina lakale. Pa Krisimasi wa 1085, William, mfumu ya ku Normandy imene inagonjetsa England mu 1066, inalamula kuti alembe cuma conse ca dzikolo. Atumiki ake anayenda m'caka ca 1086 kufunsa kuti munda uwu ndi wa yani, mapulawo ndi angati, zigayo zingati, anthu olima angati, ndipo msonkho wake ungakhale wotani. Zotsatira zake zinalembedwa m'Cilatini pa zikopa zofufuta bwino, ndipo malo ochulidwamo aposa 13,000. Anthu a m'dzikomo analicha bukulo Domesday, kutanthauza Tsiku la Ciweruzo, cifukwa cimene cinalembedwamo panalibe wocitsutsa kapena kukadandaula kwina. Bukuli liripo mpaka lero ku National Archives, ku Kew mu London, ndipo wodziwa Cilatini ca nthawi imeneyo angathe kuliwerenga ndi maso ake.

Pofika 1986 bukulo linali kukwanitsa zaka 900, ndipo a BBC anati apange Domesday watsopano, wa m'nyengo ya makompyuta. Ganizo lake linali lokongola ndithu. Anagawa mapu a dziko lonse m'tizigawo ta makilomita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi, napempha masukulu kuti iri yonse itenge kacigawo kake, ana alembe za moyo wa kwao ndi kujambula zithunzi. William anafunsa eni minda za cuma cao, koma BBC inafunsa ana za moyo wao. Masukulu pafupi-fupi 9,000 analowa nao, ndipo anthu onse amene anathandizapo anaposa miliyoni imodzi. Ana analemba za cakudya ca kunyumba kwao, za nchito za makolo ndi za kusowa kwa nchito, za masewera, za mapemphero a pa Sondo, za mafakitale amene anali kutsekedwa. Analemba pa ma BBC Micro a kusukulu kwao, natumiza madisiki ku BBC. Panasonkhana masamba oposa 147,000 ndi zithunzi zoposa 23,000.

Zonsezi, pamodzi ndi mapu, ziwerengero za kalembera wa 1981, zithunzi zina ndi makanema, anaziika pa zimbale ziwiri zonyezimira za mtundu wa LaserDisc, zazikulu ngati zimbale za galamafoni, zowerengedwa ndi kuwala kwa laser. Cimodzi anacicha Community Disc, ca zolemba za anthu, cina National Disc. Zinatuluka mu November 1986. Kuti munthu aziwerenge anafunika kompyuta ya BBC Master yoonjezeredwa zipangizo zapadera, ndi makina a Philips VP415 oyendetsa zimbalezo. Zonse pamodzi zinali kugulidwa pafupi-fupi mapaundi 5,000. Apa ndi pamene panayambira bvuto. Masukulu ambiri amene ana ao analemba nkhani zija sanakwanitse mtengowo, ndipo makina amene anagulidwa anali ngati 1,000 cabe. Ana ambiri sanaone konse zimene analemba.

Zaka zinapita. Zimbale zazing'ono za CD zinalanda malo, Acorn inaleka kupanga makompyuta, makina a Philips aja anayamba kuonongeka amodzi-amodzi popanda wowakonza. Pofika 2002 manyuzipepala a ku Britain anali kulemba kuti Domesday wa 1986 watsala pang'ono kukhala wosawerengeka, patangopita zaka 15 kapena 16, pamene wa 1086 ali ciwerengekere. Zimbale zinalipo, zolembedwa zinali momwemo, koma cowerengera ndico cinali kutha. Nditawerenga zimenezi ndinayang'ana kabokosi kanga ka malata, ndipo manyazi anga anacepako pang'ono.

Amene anapulumutsa

M'caka comweco ca 2002, akatswiri a pa yunivesite ya Leeds ndi ya Michigan, pa nchito imene anaicha CAMiLEON, anaonetsa kuti zimbalezo zingawerengedwe pa kompyuta yatsopano. Njira yake Azungu aicha emulation. Ndiko kuphunzitsa makina atsopano kuti adzicite ngati akale, monga mwana wa m'sewero la pa Krisimasi abvala mkanjo wa agogo nalankhula ngati nkhalamba, kufikira pulogalamu yakale ikhulupirira kuti iri kwao niyamba kuyenda. Mu 2011 BBC inaika zolemba ndi zithunzi za Community Disc pa intaneti, pa dzina lakuti Domesday Reloaded, ndipo anthu a zaka makumi atatu ndi mphambu anawerenga, ena kwa nthawi yoyamba, zimene analemba ali ana a pulaimale. Tsamba limenelo nalonso BBC inalitseka mu 2018, ndipo zimene zinali pamenepo zisungidwa ndi National Archives. National Disc siinatulutsidwe conco, makamaka cifukwa ca milandu ya umwini wa zithunzi ndi makanema ocokera kwa anthu ndi mabungwe osiyana-siyana.

Mayunivesite acita nchito yotere ndalama zikalipo, ndipo zikatha apita ku zina. Otsala nayo caka ndi caka ndi anthu wamba aja ndachula poyamba. Ambiri ndi abambo ndi amai amene anali ana m'zaka za m'ma 1980, koma alipo ndi acinyamata obadwa makinawo ataleka kale kupangidwa. Agula makompyuta akufa m'misika ya zakale, ena atola amene anzao afuna kutaya, nawatsegula pa tebulo la kunyumba. Matenda a makina okalamba awadziwa monga mzamba adziwa za ubereki. Mu BBC Micro muli timakapasita tina ta ku gawo la magetsi timene tikakalamba timang'aluka, ndipo makina akayatsidwa atakhala zaka zambiri amatulutsa utsi wonunkha. Wodziwa amayamba wasintha timeneti asanayatse. M'makina ena muli kabatire kamene kamatayikira ndi kudya timizere ta mkuwa, ndipo munthu amakhala usiku wonse ndi citsulo coocherera kulumikiza timizereto ndi waya woonda ngati tsitsi. Malamba a mphira a m'mawailesi a kaseti amasungunuka nkukhala phala. Zimbale za LaserDisc nazo zimaola mkati pang'ono-pang'ono.

Kagulu kena ka anthu otere, kochedwa Domesday86, kanapanga kacipangizo kokopera zeni-zeni zimene laser iona pa cimbale, kuti zolembedwazo zisungike ngakhale cimbale citaola ndi makina a Philips atatha onse. Mapulani a kacipangizoko anawapereka kwaulere kwa ali yense, ndipo anthu ena akagwiritsa nchito kupulumutsa zimbale zina zosakhudzana ndi Domesday. Ku America, misonkhano ya Vintage Computer Festival inayamba mu 1997 ku California, kumene anthu amabwera ndi makina ao akale kudzawaonetsa akugwira nchito. Ku England kuli National Museum of Computing ku Bletchley Park, ndi Centre for Computing History ku Cambridge. M'nyumba zimenezi makina ambiri sakhala m'magalasi ngati mafupa a nyama zakale. Amayatsidwa, ndipo ana a sukulu amakhala pansi pa ma BBC Micro kulemba BASIC monga anacitira makolo ao.

Sindinganene kuti onse ndi oyera mtima. Pamene pali zakale pamakhalanso amalonda. Apple I inagulitsidwa madola 666.66 mu 1976, ndipo anapanga ngati 200 cabe. Mu 2014 imodzi inagulidwa madola 905,000. Imeneyo inapita ku nyumba yosungira zakale ya Henry Ford, kumene anthu angaione, koma mitengo yotere yacititsa ena kugula makina osowa ndi kuwatsekera m'nyumba kudikira kuti akwere mtengo. Aliponso ena amene, kunena zoona, sasunga kanthu koma ubwana wao, ndipo amaononga pa zoseweretsa ndalama zimene banja likanadyera. Koma munthu amene apatula Loweruka lake kuti zolemba za ana a eni ake, amene sadzawaona nkomwe, zisatayike, ameneyo ndimubvulira cipewa.

Ndipo makina aja sanafe opanda mbeu. Sophie Wilson ndi Steve Furber, amene anali m'gulu lopanga BBC Micro, anapanga pambuyo pake kabongo katsopano ka kompyuta kochedwa ARM, kamene kanayamba kugwira nchito mu April 1985. Ubwino wake unali wakuti kanali kudya magetsi ocepa kwambiri. Lero pafupi-fupi foni iri yonse ya m'manja, ndi iyo imene mwatumizira ndalama kumudzi mwezi uno, iyenda ndi mdzukulu wa kabongo kameneko. Mu 2012 anthu ena a ku Cambridge, pakati pao David Braben uja wa sewero la Elite, ataona kuti ana aleka kudziwa za mkati mwa makompyuta, anatulutsa Raspberry Pi, kakompyuta ka madola 35 kokwana m'dzanja. Mitundu yake yoyamba anaicha Model A ndi Model B, maina omwewo a BBC Micro.

Za timadisiki tanga, mphwanga wa ku Lusaka ndiye anandithandiza. Anapeza kabokosi kowerengera madisiki akale kolumikiza ku kompyuta ya lero, nabwera nako pa holide. Pa timadisiki tisanu, titatu tinatseguka. Zolembazo zinali za pulogalamu ya WordPerfect, imene iye anali asanaimvepo, koma anapeza pulogalamu ina yaulere yotha kuziwerenga. Mau a akatekisiti aja anaonekera pa galasi amodzi-amodzi, ndi zolakwa zanga zonse za kataipidwe. Nkhani ya gogo wina, amene anali kufotokoza mmene anasenzera belu loyamba pa mutu kuoloka mtsinje, inadukira pakati pa ciganizo, ndipo zotsatira zake zinali zizindikiro zopanda tanthauzo. Tinasindikiza makope awiri pa pepala. Limodzi liri kwa Bambo Mfumu, lina m'kabati pafupi ndi kaundula wa ubatizo.

Tiwiri totsalato sindinataye. Okonda makina akale amacenjeza kuti disiki yokana isamakakamizidwe kawiri-kawiri, pakuti kuyesa kuli konse kumaipala, ndiponso kuti ali nazo zipangizo, zonga Greaseweazle ndi KryoFlux, zimene zimakopera maginito eni-eni a pa disiki, ndipo nthawi zina zimaturutsa zimene makina wamba alephera. Mphwanga akufuna-funa munthu wokhala naco cimodzi. Pakali pano tiri m'kabokosi kaja, pouma, kutali ndi dzuwa ndi masipika a kwaya. Pa kamodzi pali cizindikiro ca dzanja langa la 1998: Miphakati ya kutsidya, amai.